Mphaka wa Mayi Gondwe

Nyambadwe, Blantyre
14 Okutobala 2003

Okondedwa achemwali anga a Teleza,

Ndikupatsani moni nonse kumeneko ku Makwasa. Kodi amayi akupeza bwanji chitulukireni m'chipatala? Chifuwa chija chatsika? Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Kuno kwatentha koopsa, ndipo madzi m'mipopi akumabwera mwa apo ndi apo. Koma si zimene ndakulemberani.

Mukukumbuka ndinakuuzani za Sikono, mphaka wa Mayi Gondwe amene ndimawagwirira ntchito. Munaseka mpaka misozi nditanena kuti ali ndi mbale yake ndi bulangete lake. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti mphakayo anali wa mwana wawo Anderson, amene anamwalira zaka zitatu zapitazo. Mayiwo amakhala okha, ndiye madzulo ankamuika pamiyendo n'kumacheza naye ngati munthu.

Mwezi watha Sikono anagwidwa nthata, moti ankadzikanda mpaka kuthothoka ubweya. Mayi Gondwe popita ku Lilongwe kukaonetsa maso anandisiyira K2,300 kuti ndikamugulire mankhwala kwa dokotala wa ziweto. Ndinapitadi. Anandionetsa kabotolo kochepa ngati chala changa chaching'ono, ati madontho ake n'ngothira pakhosi. Achemwali, mtengo wake unali ndalama yonseyo, kuposa malipiro anga a mwezi wathunthu! Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ndikuganiza madengu a tiyi amene inu mungatchole kuti mufike pamenepo.

M'mawa wa tsiku lomwelo n'kuti alamu a Zakeyu atabwera ndi uthenga wanu woti amayi ali gone, ndalama yoyendera palibe. Ndinabwerera osagula kanthu. Ndalama ija ndinakutumizirani ndi imeneyo. Ndinanama kuti ndi bonasi.

Za nthata ndinaziona zazing'ono. Si paja kwathu nkhuku zikagwidwa utitiri amayi amangoziwaza ufa uja wothira m'chimanga wopha anankafumbwe? Ndinagula kapaketi ku Ndirande, n'kumupaka Sikono thupi lonse, ndikudziyamikira kuti ndine wochenjera. Ndinaiwala kuti nkhuku sidzinyambita.

Pofika masana Sikono anayamba kunjenjemera, dovu lili chuchuchu. Ndinamusambitsa, ndinamumwetsa mkaka, koma sizinathandize. Anafera m'manja mwanga dzuwa lisanalowe. Ndinalira, achemwali, ine yemwe uja ndinkamuthamangitsa ndi tsache kukhitchini. Ndinamukulunga m'bulangete lake n'kumukwirira pansi pa mtengo wa mapeyala.

Mayi Gondwe atabwera ndinasowa poyambira, ndipo ndinangoti wafa atathiridwa mankhwala. Iwo anatenga chikwama kuti akafunse dokotala uja. Apo ndinaona kuti bodza langa likukagwera munthu wosalakwa. Ndinagwada pakhomo n'kuulula zonse.

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anayamba afunsa kaye ngati amayi achira. Kenako anati ndikanangowauza, akanandipatsa ndalama ina ya kuchipatala, ya mphaka n'kukhala ya mphaka. Zaka zinayi zonsezi akhala akunditcha mwana wawo, koma ine ndinaopa kupempha, osaopa kuba. Safunsa anadya phula.

Masiku ano m'mawa amaiwala n'kuitana Sikono. Dzulo anandiuza mofatsa kuti sakundisungira chakukhosi, koma akandiona amaona mtengo wa mapeyala uja. Ntchito yanga itha pakutha pa mwezi uno.

Pempho langa ndi limodzi. Mvula ikayamba adzalemba anthu otchola tiyi. Chonde mukalankhule ndi a kapitawo anu andisungire malo. Manja anafewa ndi sopo wa m'tauni, koma dengu kumsana sindinaliiwale.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ku Thekerani, ndi kwa ana onse. Lizzie mumuuze kuti nsapato ndinamulonjeza zija ayambe wadikira. Amayi musawawerengere kalatayi. Asadziwe kumene inachokera ndalama imene inawafikitsa kuchipatala, angamadziimbe mlandu. Akandiona ndikutsika basi ndi katundu wanga yense, mudzangoti ndawasowa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Lestina