Mng'ono wanga akuti amayi ndi a mumdima

Aphungu,

Ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo. Ndili ndi mng'ono wanga mmodzi yekha, wopondana nane, amene tinakulira limodzi m'kwaya. Chaka chatha mwamuna wake atamusiya, mnzake wa kuntchito anamutengera ku mapemphero ena ochitikira m'galaja yakale. Poyamba tinayamika poti analeka kulira. Koma pano sitikumuzindikiranso.

Mtsogoleri wawo amamutcha Mlonda. Akuti Yesu anangoyamba ntchito, woimaliza ndi Mlondayo, ndipo amene sanabatizidwenso ndi dzanja lake sakalowa kumwamba.

Amayi athu anafa ziwalo mbali imodzi, ndikuwasamalira kwathu. Mawu akuvuta kutuluka, koma dzina la mng'ono wangayo amalitchula bwinobwino. Mwiniwake sanapondeko. Lachiwiri lapitali anatulukira pakhonde panga ndi nsalu yoyera kuti ndimusokere mkanjo, pachifuwa ndipetepo dzina la Mlonda. Ndinati, "Iwe, amayi akukuitana, ubwera liti?" Anayankha ataweramitsa mutu: "Achemwali, Mlonda anati tisamalowe m'nyumba za a mumdima. Ndikuwapempherera." Nditafunsa kuti zimenezo zili pati m'Baibulo, anati Baibulo ndi phala la makanda, iwo anayamba kutafuna. Nsaluyo anaisiya pamakina n'kumapita.

Bambo a kunyumba akuti apite akamugwire pakhosi Mlondayo. Ine mitima iwiri. Mwina tikuweruza anthu a Mulungu? Amasala kudya, amapemphera kutiposa ife. Kodi umenewu ndi mpingo weniweni? Nanga mkanjowu ndisoke?

Ine telala wothedwa nzeru

Mayi telala,

Chotsani mantha, simukuweruza munthu. Mukuyesa chiphunzitso, ndipo Mkhristu aliyense analamulidwa kutero. Kusala kudya ndi kupemphera mokweza si umboni. Muyeso ndi wakuti: kodi Yesu amamuika pati? Mipingo imasiyana pa zambiri, kaimbidwe, kavalidwe, kabatizidwe. Koma yonse yoona imavomereza kuti Yesu ndi Mulungu, kuti ntchito ya chipulumutso anaimaliza yekha pamtanda, ndi kuti timapulumuka mwa chisomo pokhulupirira iye. Amene akuti wabwera kudzamalizitsa wadzikhazika pampando wa mwini. Akafika ponyoza Baibulo, dziwani kuti akuopa kuti anthu ake angalitsegule n'kumupeza kuti ndi wabodza. Ndipo Mulungu amene analamula kulemekeza makolo sangatume munthu kudzaletsa mwana kuona mayi wake wodwala. Umenewo si mpingo, ndi khola.

Dzina la Mlonda musalipete. Manja anu asathandize kupachika dzina la munthu pamene payenera la Khristu. Koma nsaluyo musamuponyere kumaso. Muitaneni, mumuuze modekha chifukwa chake, kenako mumufunse ngati mungamusokere diresi wamba. Poyesa m'chiuno ndi m'mapewa, cheza nayeni. Musamulalikire, muzimufunsa: "Ndiwerengere pamene Yesu ananena kuti wasiya ntchito yosatha." Funso limapita ndi munthu mpaka kunyumba, pomwe mkangano umathera pakhomo.

Kumbukiraninso chimene chinamulowetsa m'galajamo. Sanatsatire chiphunzitso, anatsatira anthu amene anamupukuta misozi banja litatha. Kodi a kwaya anamuyendera nthawi imeneyo? Ngati ayi, kawauzeni abusa anu mosabisa. Asankhe amayi awiri okhwima m'Mawu amene iye amawakonda, azikamuona popanda kumuzenga mlandu. Za amayi anu, muzimuuza mmene agonera tsiku lililonse, ayankhe asayankhe. Mumujambulire mawu awo pafoni akumuitana. Mumuuzenso zoona, kuti matendawa sadikira munthu.

Bambowo akhazikeni pansi. Akakangomugwira pakhosi Mlondayo, iye adzaimirira pamaso pa anthu ake n'kunena kuti, "Mwaona? Ndinakuuzani kuti a mumdima adzatizunza." Pamenepo mng'ono wanu mwamutsekera mkati ndi manja anu. Koma mukamva kuti akuletsedwa kupita kuchipatala, akumenyedwa kapena akugwiriridwa, musadikire, kaneneni kupolisi.

Ambiri amatulukamo, ndawaona. Koma chenjerani: amatuluka ndi manyazi aakulu, ndipo ena amabwerera komweko chifukwa choopa kusekedwa ndi abale. Tsiku limene adzagogode, kaya amayi adzakhala alipo kaya ayi, mawu akuti "ndinkanena ine" mudzawameze. Mudzangotsegula chitseko.

Aphungu