Dzanja la Athmani

Lamu,
2 Epulo 1967.

Okondedwa achemwali anga Bi Zuhura,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Nairobi sichikukuvutitsaninso mawondo. Kuno Mulungu akutisunga. Kalatayi akundilembera Somoe, ine ndikungoyankhula, ndipo ndamuuza kuti asasiye liwu ngakhale limodzi.

Ana anga mukuwadziwa, koma ndiloleni ndiwatchulebe, pakuti mayina awo amandikomera m'kamwa. Somoe ndi namwino, makanda ambiri m'tauni muno anafikira m'manja mwake. Lali akukhoma zombo, ndipo anthu a ku Pate ndi ku Faza amalolera kudikira chaka kuti awakhomere iyeyo. Kombo akuphunzitsa masamu ku Malindi. Mwanaisha sukulu inamukana, koma adzukulu ndiye wandidzazira bwalo. Kenako Athmani wanuyo, amene mumamuphikira kumeneko, woyendetsa ndege za jeti. Ine Nahodha, woyendetsa chombo wosaina ndi chala! Ndikafika pakhonde la mzikiti, amuna amasendera kundipatsa malo.

Nkhani yanga ndi ya Athmaniyo.

Atangoyamba ntchito ankandiuza kuti, "Baba, ndege yanga ili ngati chombo chanu. Kuchokera pa chiwongolero mpaka kumapiko ndi kumchira kuli zingwe zawaya. Mphepo ikalimba ndimaimva m'manja, ndipo potera ndimatuluka thukuta." Ndege zinazo, zimene zokupizira zake zimakankhidwa ndi mafuta othinikizidwa m'mapaipi, ankaziseka. "Za alesi izo! Ngakhale Mwanaisha angayendetse ali ndi mwana kumsana."

Pa chikondwerero cha Idi yapitayi wabwera ndi nyimbo ina. Akuti wapempha yekha kuti amusamutsire ku ndege za mafutazo. "Ukangokhudza pang'ono, mafuta amagwira ntchito yonse," akutero. Ndinamufunsa kuti nanga mphepo umaimva bwanji. Anati anaikamo sipuling'i yoti dzanja lizimva kulemera ngati likulimbana ndi mphepo.

"Ndiye kuti anthu anakhala pansi n'kusula chitsulo choti chizikunamiza?"

Onse anaseka. Iye anati, "Baba, ndege zakula, mkono wa munthu sungazithenso. Ndipo mapaipiwo alipo angapo, ina ikaphulika ina imagwira."

Mwina akunena zoona. Za mafuta sindizidziwa, ine ndakalambira pa thanga la chombo ndi chiwongolero chamtengo. Koma mwana wanga ndimamudziwa. Chiyambire ali wamng'ono sabweza mawu ake popanda chomukankha.

Titakhala pa mkeka kuti tidye mpunga wa pilau, anapempha supuni. Lali anafuula, "Ee, Mzungu wathu! Mawa udzatipempha tebulo ndi belu loitanira antchito!" Athmani anaseka nawo. Ine sindinaseke. Supuniyo anaifumbata ngati mwana wophunzira kudya, zala ziwiri zam'mapeto zitapindika. Khofi analandira ndi dzanja lamanzere, pamaso pa akulu, iye amene amayi ake anamulera bwino chotere. Potsanzikana padoko ndinamufinya dzanja monga timachitira nthawi zonse, kuti tione amene ayambe kulira. Sanabweze. Dzanjalo linali lende ngati nsomba yatsala pamsika. Akuti, "Mwakalamba Baba, ndakumverani chisoni."

Apa Somoe waima kulemba, akuti inki yatha. Botolo ndikuliona, lili pakati. Lemba zimenezonso, mwana wanga. Lembanso kuti tsiku lomwelo iwe ndi mlongo wako Athmani munadzitsekera m'chipinda, mukuti mumakambirana za mphatso ya amayi anu, ndipo mphatsoyo mpaka lero sitinaione.

Achemwali, maso anga kumeneko ndinu. Musamufunse, angakunyengerereni ndi maswiti a halua, mukumudziwa. Ingoonani m'mene akumangira mabatani a yunifolomu, m'mene akupotokolera kiyi pachitseko, ndi dzanja limene akunyamulira chikwama. Ine ndikuganiza kuti wathawira ku mafuta kuti mafutawo amubisire dzanja kwa mabwana ake. Dokotala wa kuntchito kwawo akadziwa amutsitsa pansi, ndipo Athmani wopanda ndege sindidziwa kuti angakhale munthu wotani.

Sindikubisirani, inenso manyazi ndikuwaopa. Ndadzitama kwambiri pakhonde paja, ndipo alipo amene akudikira kuti adzandifunse, "Nahodha, mbalame yanu ija yathothoka nthenga?" Afunse. M'ndegemo kumbuyo kwa Athmani kumakhala anthu oti angadzaze mzikiti, ana a eni ake. Pa nyengo yabwino chombo chimayenda ndi aliyense. Tsiku loipa limafuna manja onse awiri, kaya ndi zingwe kaya ndi mafuta.

Amayi ake akupereka moni. Sindinawauze kanthu, koma aleka kuthamangira panja ndege ikamadutsa. Mundiperekere moni kwa alamu anga Bwana Kassim. Athmani mumuuze kuti bambo ake amamutchula m'mapemphero asanu onse.

Mumuuzenso izi. Lali wamaliza chombo chachikulu, ndipo pochitsitsira m'madzi amuna onse a pabanja amagwira chingwe. Malo a Athmani ndi patsogolo panga. Akakoka, ndidzamupepesa pagulu ndi mbuzi. Ngati sangathe, abwerebe. Ndidzati msana wandigwira ndipo ndikufuna mwana wanga pambali panga pamthunzi. Palibe adzadziwe, ndipo kwa dokotalayo tidzapita awiri. Akapanda kubwera, ndidzakwera basi ndekha kupita kwa dokotalayo.

Chombocho tidzachitsitsa ku Matondoni Lolemba pa 24 Epulo, madzi akadzadzaza. Inunso tikukuyembekezani.

Ine mlongo wanu,
Nahodha Famau Shee