Apongozi anga alukira kompyuta juzi

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala ku Moatize, ndipo ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati. Vuto langa ndi juzi. Si yanga ayi, ndi ya kompyuta yanga. Musaseke msanga, nkhaniyi yandiwondetsa.

Kompyutayi ndinaimanga ndekha. Ndinkagula chipangizo chimodzichimodzi kwa miyezi isanu ndi itatu, china ku Maputo, china ku Beira. Ndinasankha kabokosi kakang'ono, kofanana ndi katoni ya nsapato, chifukwa tebulo langa ndi lopapatiza, komanso ndimakanyamula m'chikwama popita ku holo. Amene anamangapo totereti akudziwa mavuto ake. Zala zimachekeka, waya umodzi ukangogona molakwika chivundikiro sichitseka, ndipo khadi la zithunzi linalowa ine nditasiya kupuma. Mpweya umalowa pansi ndi m'mbali, mafani awiri n'kuukankhira kunja kudzera pamwamba. Ndinalimbana nako milungu itatu kuti kutentha kuzikhala pa madigiri 74 pa ntchito yolemetsa, kuno kwathu kumene mu Okutobala ngakhale mbuzi zimakana kuyenda masana. Ndinanyadira, Aphungu. Nambalayo ndinaijambula n'kutumizira anzanga.

Tsopano apongozi anga, Dona Ermelinda. Mayiwa ankafuna kuti mwana wawo Graciete akwatiwe ndi munthu wa kumgodi, wovala chipewa cholimba. M'malo mwake anapeza ine. Zaka zisanu zathunthu sanatchulepo dzina langa. Ine ndili pomwepo, amauza mkazi wanga kuti, "Umfunse wa makatuniyo ngati wadya." Ine n'kuyankha kwa mkazi wanga yemweyo kuti ndadya, zikomo.

Mu Ogasiti miyendo yawo inatupa, ndiye tinawatenga kuti azikhala nafe. Amagona pabalaza, amaswera pabalaza, ndipo mpando wawo uli pafupi ndi tebulo langa. Tsiku lina ndikukonza kaseti yakale ya ukwati wa mlamu wanga, ndinapezamo malemu apongozi anga aamuna akuvina atavala jekete yoyera, thukuta lili kamukamu. Ndinayeretsa chithunzicho, ndinakweza mawu, n'kutembenuzira sikirini kwa mayi. Anaonera kanayi. Kenako anapempha madzi akumwa.

Patapita masiku atatu ndinawapeza akuyeza kompyuta ndi chikhato. Lamlungu lotsatira, pochokera kutchalitchi, ndinaipeza itavala. Juzi ya ulusi wokhuthala, yofiira ndi yachikasu, yothina bwinobwino, kabowo ka batani kali pamalo pake, timabowo ta mawaya kumbuyo. Pamwamba penipeni, potulukira mpweya wotentha, anasokerapo kampira ka ulusi ngati ka pachipewa cha khanda. Kunena zoona, luso lilipo. Kenako anandiyang'ana m'maso, anatchula dzina langa lonse, n'kunena kuti, "Fumbi la malasha linapha mawailesi anga awiri. Makina amene muli bambo ake a Graciete asadye fumbi."

Aphungu, ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira. Sindikubisa.

Nditabwerako ndinaiyatsa. Pa mphindi khumi kutentha kunali pa madigiri 88. Pa mphindi makumi awiri inali pa 97, mafani akulira ngati chigayo. Isanakwane mphindi 35 inazima yokha. Mayi anafunsa kuti, "Yatani?" Ine ndinati, "Yapumula, mayi. Yamva bwino." Pakamwa panga pomwepa ndi pamene panatuluka mawu amenewo.

Kuyambira tsiku limenelo palibe chimene sindinayese. Phala lotuwa lochotsa kutentha lija timapaka pa purosesa, ubongo wa kompyuta, ndasintha kawiri. Mphamvu ya magetsi yopita ku purosesayo ndachepetsa mpaka kompyuta ikuyenda ngati yadwala malungo. Ndaikweza pa njerwa ziwiri. Ndaika mabotolo a madzi oundana kumbuyo kwake. Ndinalozetsa fani ya m'nyumba pa tebulo, mayi n'kunena kuti fani ndi ya anthu. Akapita kukasamba ndimaivula msangamsanga, koma amasamba mphindi khumi ndi ziwiri basi, ndipo akabwera amaona kuti kampira kaja kapendekeka, n'kukawongola. Tsiku lina ndinaisiya dala yosavala, ndinati ndaiwala. Anadzuka ndi miyendo yotupayo, akugwira khoma, anaiveka okha, ndipo masanawo sanadye.

Ndinaimbira mnzanga Baltazar, amene amakonza makompyuta ku Tete. Ataona chithunzi chimene ndinamutumizira anati, "Aise, iwe wamanga uvuni. Ndibwere ndi chinangwa tiotche?" Atamaliza kuseka anati ndivule chinthucho kapena ndigule bokosi lalikulu. Ndinamuuza kuti bokosi lalikulu lingobweretsa juzi yaikulu.

Mkazi wanga naye wasamba m'manja. Akuti, "Munati yamva bwino ndinu, ine musandilowetsemo. Koma mayi akabwerera ku zakale zija, musabwere kwa ine kudzadandaula."

Pa 26 mwezi uno ndiyenera kupereka vidiyo ya maola atatu ya ukwati wa mwana wa mkulu wa kwaya ya ku parishi yathu. Theka la makasitomala anga amachokera ku parishi imeneyo, ndipo akakutaya mmodzi akutaya onse. Kuti vidiyoyo ituluke, kompyuta iyenera kugwira ntchito maola asanu osapuma. Panopa ndikulemba kalatayi mayi ayamba kuluka juzi yachiwiri. Iyi akuti adzaisokera nsalu ya kapulana m'kati, chifukwa aona kuti fumbi likudutsabe m'maso a ulusi.

Ndichite chiyani? Ndikaivula, nditaya mayi amene ndangowapeza kumene patatha zaka zisanu. Ndikaisiya, nditaya ntchito imene imatidyetsa tonse, iwonso omwe. Kodi palibe fani ina yamphamvu imene ingakankhe mpweya kudutsa mu ulusi?

F. J. C., Moatize

Bambo F.,

Ndaseka, pepani, ndipo ndamaliza. Tsopano tikambe.

Fani imene mukufunsayo kulibe. Ngakhale mutapaka phala la mtengo wanji, kabokosi kakang'ono kalibe malo osungira kutentha. Moyo wake wonse ndi woti mpweya ulowe msanga, utuluke msanga. Inu mukudziwa bwino zimenezi kuposa ine, munamanga nokha. Mwandilembera kalata ya makina chifukwa makina ndi osavuta kulankhula nawo kusiyana ndi apongozi.

Komabe tiyambe ndi makinawo. Mabotolo a madzi oundana achotseni lero. Amatuluka thukuta, ndipo chinyontho chikalowa m'kati mudzalira maliro enieni. Lero lomwe, koperani maukwati onse a anthu muwaike pa chosungira china chakunja. Kompyuta ikamazima yokha ndiye kuti ikudzipulumutsa, koma sidzadzipulumutsa mpaka kalekale, ndipo mkwatibwi safuna kumva za madigiri. Musaiyatsenso itavala, ngakhale kwa mphindi khumi zongosangalatsa mayi.

Chachiwiri, ndipo apa mutchere khutu, Dona Ermelinda sanalakwe pa zonse. Munatsegula liti kabokosiko komaliza n'kuyang'ana pakati pa timalata toziziritsa? M'kalata yanu mwatchula phala, magetsi ndi njerwa, koma simunatchulepo kupukuta fumbi ngakhale kamodzi. Ku Moatize! Mayi amene anaika m'manda mawailesi awiri akudziwa chimene akunena. Pezani kasefa ka maso ang'onoang'ono muike polowera mpweya, pansi ndi m'mbali. Muzikatsuka sabata iliyonse. Pakatha milungu iwiri muzitsegula n'kuuzira fumbi, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Konzani kuti mpweya wolowa uzichulukirapo kuposa wotuluka, fumbi lisamalowere m'ming'alu. Kabokosiko kasagunde khoma, ndipo pamwamba pake pasakhale kanthu kakamagwira ntchito, kaya ndi kampira ka ulusi, kaya ndi kapu ya tiyi.

Tsopano ntchito yeniyeni. Mulankhule nawo nokha. Graciete wakhala positi ofesi ya nyumba imeneyo zaka zisanu, watopa, ndipo ali ndi ufulu wotopa. Akhalepo ndithu, koma mawu atuluke pakamwa pomwe panatuluka bodza paja. Sankhani m'mawa atamwa tiyi, kusanatenthe. Mukhale pa kampando kotsika. Musayambe ndi manambala, chifukwa 97 kwa iwo ndi zaka za munthu wokalamba bwino. Yambani ndi kupepesa. Nenani kuti, "Mayi, ndinakunamizani. Mphatso yanu inandikoma kwambiri moti ndinaopa kukuuzani zoona."

Mukatero musafotokoze zambiri, aloleni akhudze okha. Yatsani kompyuta yosavala, igwire ntchito pang'ono, iwo aike dzanja pamwamba amve mphepo yotenthayo. Mayi amene analera ana mu Okutobala wa kwathu kuno amadziwa kuti mwana wotentha thupi samufunditsa bulangete. Kenako zimitsani, tsegulani m'mbali, muwaonetse fumbi limene mupezemo. Mulipeza, ndikukutsimikizirani. Auzeni kuti pamenepo anaona zimene inu simunaone, chifukwa ndi zoona.

Juziyo isapite m'sutikesi ayi. Kompyuta imakhala yozima maola ambiri kuposa amene imayaka, ndipo fumbi silipita kutchuthi. Mukamaliza ntchito, dikirani izizire, ivale. Mukamayamba, ivule, juziyo muipinde bwino muiike pamalo oonekera. Za yachiwiriyo musawalamule. Afunseni kuti, "Mayi, tingatani kuti fumbi lisalowe koma mpweya uzidutsa?" Munthu amene anapeza malo a batani ndi chikhato chokha sangalephere funso limenelo, ndipo adzakhala ndi chochita ndi manja awo chimene chikuthandizadi.

Kodi akhumudwa? Mwina inde. Mwina sadya masana awiri, mwinanso dzina lanu lisowa kwa sabata. Pirirani, ndinu munthu wamkulu. Vidiyo ya mkulu wa kwaya ituluke, ndipo pa maola asanuwo mukhale pomwepo pabalaza, musathawire kwa Baltazar.

Chenjezo langa ndi ili. Mukapitiriza kukhala chete, tsiku lina kabokosiko kadzazima osayakanso, katavala. Wokonza adzabwera, adzatsegula pamaso pa mayi, ndipo adzanena chimene chapha makinawo, chifukwa iyeyo si mkamwini wa munthu. Pamenepo Dona Ermelinda adzadziwa kuti manja awo ndi amene atseka ntchito yodyetsa mwana wawo, komanso kuti inu munkaona tsiku ndi tsiku n'kumangomwetulira, ngati mmene timachitira ndi munthu amene sitimuwerengera. Sadzakukalipirani ayi. Adzachita manyazi, adzalongedza zovala zawo, ndipo ndi miyendo yotupayo adzapita kukakhala okha.

Aphungu