Makapu Awiri a Lamulungu

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Matawale ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, Elsie, amene amasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'tauni. Nkhani yanga mwina muiseka poti ndi ya khofi, koma ine yandisowetsa mtendere, ndipo yandidanitsa ndi mwana wanga.

Malemu amuna anga, a Nickson, anali khukhi pa hotela ina pamwamba pa phiri la Zomba. Tinakwatirana chaka cha referendamu. Ankagonera komweko sabata yonse n'kumatsika Lamulungu, nthawi zambiri wapansi, atanyamula timasitiroberi m'kadengu. Tikatha kudya masana ankanditulutsa m'khitchini. "Amake Elsie, lero ndinu alendo a pa hotela, kakhaleni pakhonde," ankatero. Ndiye ankaphika khofi wawo uja: khofi wakuda bii, mkaka wotsekemera wa m'chitini uja timati kondenisi, koko, shuga wosawerenga, ndi kena kake konunkhira ngati keke ya paukwati. Ankabwera ndi makapu awiri pa thireyi, kansalu kali pamkono ngati akutumikira nduna. Amayi oyandikana nafe ankanong'onezana kuti ndinawadyetsa khuzumule, poti mwamuna wanji wophikira mkazi. Ife tinkangoseka tikuyang'ana phiri, iwo akundilozera pamene pali hotela ndi kanjira kamene atsikira. Elsie ali wamng'ono ntchito yake inali yonyambita chitini, ndipo ankachita kulimbirana ndi bambo ake.

A Nickson anatisiya zaka zingapo zapitazo. Maliro atatha, abale atabalalika, Lamulungu loyamba ndinangopezeka ndatereka ketulo, ndatulutsa makapu awiri. Mpaka lero ndimatero. Elsie akangopita ku kwaya masana, ndimaphika khofi uja monga ndinkawaonera, kapu yawo ndimaika pampando wawo, yanga ili m'manja. Ndimawauza za sabata yonse, kukwera mtengo kwa makala, amene wakwatiwa, amene wasamuka. Ndimawasowa, Aphungu, ndipo ndi pa ola limeneli pokha pamene ndimamva ngati angochedwa kutsika. Khofi wa m'kapu yawoyo akazizira sindingamutaye. Ine ndinakulira kwa Jali, kumene mwana wotaya chakudya ankagona ndi njala. Ndiye ndimamwanso.

Chaka chatha kuchipatala anandipeza ndi matenda a shuga. Elsie ndiye anandiperekeza, ndipo titangofika kunyumba anatenga shuga yense n'kukhomera m'kabati yake. Ine ndinayamba kugula kondenisi pa okala, n'kumabisa pansi pa zitenje m'sutikesi. Zinandiulula ndi nyerere. Elsie akusesa anatsatira mzere wake kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda kwanga. Sanakalipe ayi. Anangoimirira ndi chitinicho m'manja n'kunena kuti, "Amayi, ngati mukufuna kuwatsatira ababa ingonenani, ndiyambiretu kusoka nsalu yakuda." Mawu amenewo anandilasa mumtima, ndipo ndinamuyankha kuti si iye anandibereka. Kuyambira tsiku limenelo timangopatsana moni ngati anthu a lendi. Za kapu yachiwiri sadziwa. Iye akuona ngati mayi ake ndi adyera basi.

Chimene chandiopsa tsopano ndi maso. Phiri layamba kuoneka ngati lili m'nkhungu ngakhale kunja kutayera mbee. Adokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti shugayu akapitiriza kukwera, maso adzapita. Ndinayesa khofi wopanda kanthu, akuwawa ngati kwinini, ndipo a Nickson mulibemo mmenemo. Mnzanga wa ku Mvano akuti ndizithira uchi poti ndi wachilengedwe. Ine sindikudziwanso. Kusiya khofi ameneyu ndikuona ngati kuwaika m'manda kachiwiri, koma sindikufunanso kudzakhala pakhonde phiri ndisakuliona. Kodi ilipo njira yophikira khofi wokoma ngati keke koma wosandipha? Ndithandizeni.

J.D., Matawale, Zomba


Mayi J.D.,

Sindinaseke. Chabwino, pa nyerere paja ndinaseka pang'ono, koma kwina konseku ayi. Pepani chifukwa cha a Nickson. Mwamuna wotsika phiri wapansi kudzaphikira mkazi wake ndi wosowa, ndipo amayi a khuzumule aja inali nsanje chabe.

Tiyambe ndi za m'kapu. Mnzanu wa ku Mvano ndi wa mtima wabwino koma akusocheretsani: uchi nawo ndi shuga, magazi anu sasiyanitsa kuti uyu wachokera ku njuchi, uyu ku nzimbe. Kondenisi ndiye msiyeni ndithu, ndi shuga wovala zoyera. Timapaketi tija tosakaniza kale khofi, mkaka ndi shuga musatiyandikirenso.

Koma mwandiuza chinsinsi nokha osadziwa. Chimene chimakubwezerani a Nickson ndi fungo la keke lija, ndipo fungo lilibe shuga. Ndikukhulupirira kuti ankathira vanila, kabotolo kakang'ono kamene ophika makeke amagula m'masitolo akuluakulu. Gulani kameneko, komanso sinamoni wa ufa kwa ogulitsa zonunkhiritsa mumsika, ndi koko wosathira shuga. Muwerenge pachitini, kapena Elsie akuwerengereni, poti koko wina amabwera atatsekemera kale.

Phikani khofi wanu wakuda, theka la kapu. Tenthetsani mkaka wamba, muyengule mafuta a pamwamba, muthiremo kasupuni kamodzi ka koko, sinamoni wotsina ndi zala, ndi madontho awiri a vanila. Kondenisi ankachititsa khofi kukhala wolemera pakamwa, ndiye m'malo mwake sungunulirani nsonga ya supuni ya chiponde chosinja nokha, chopanda shuga ndi mchere. Mkakawo ukakhala wofunda, osati wowira, uthireni m'botolo lotseka bwino, mukhutchumule mpaka uchite thovu, kenako mutsanulire pa khofi. Thovu limenelo ndi limene a pa hotela amalipiritsa nalo alendo. Ngati lilime likukanabe, kanyani kachidutswa ka nthochi yakupsa, kotalika ngati chala chachikulu, musefere mumkakamo. Kachidutswa, mayi, osati phava lonse, chifukwa nthochi nayo ili ndi shuga wake. Masitiroberi awiri atatu pambali sangakulakwireni.

Ndisakunamizeni, Lamulungu loyamba mudzanditukwana. Lilime lozolowera kondenisi limachita mwano, koma limagonja pakapita masabata ochepa. Muzimwa mutadya kale, m'kapu yaing'ono, ndipo musanayambe kawafotokozereni a kuchipatala zonse zimene ndatchulazi, makamaka ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Iwo ndi amene akudziwa mmene shuga wanu alili, ine ndangowerenga kalata. Za maso musadikire tsiku la sikelo yanu ya shuga. Pitani sabata ino akawaone, ndipo mankhwala anu musadumphitse.

Tsopano za kapu yachiwiri, poti nkhani yeniyeni yagona pamenepo. Ngakhale nditakupatsani khofi wabwino chotani, mukamamwa makapu awiri ndiye kuti mukumwera anthu awiri ndi thupi limodzi, lodwala kale. Kwa Jali anakuphunzitsani bwino kuti chakudya sataya. Koma anakuphunzitsaninso kuti chakudya chikatsala amaitana wa pakhomo, sadyera kuseri kwa chitseko.

Mwalemba nokha kuti Elsie ankalimbirana chitini ndi bambo ake. Mukuganiza kuti pamene anachipeza m'sutikesi muja anangoona shuga? Inu munataya mwamuna, iye anataya bambo, ndipo tsopano akuona mayi ake akutsetsereka iye akuyang'ana. Mawu a nsalu yakuda aja anali owawa, koma ndi mawu a mwana amene ali ndi mantha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mwina ku kwayako amachedwa dala, poti Lamulungu masana pakhonde panu pamamuwawa nayenso. Inu mukulira kuchipinda, iye akulira ku tchalitchi, pamene maliro ndi amodzi.

Muuzeni zonse monga mwandiuzira ine. Za mpando, za makala, za kapu yozizira. Mupepese pa mawu aja akuti si iye anakuberekani, kupepesa mwana sikuthothola tsitsi. Kenako mumupatse botolo akhutchumule ndiye, manja ake ndi amphamvu kuposa anu. A Nickson simukuwaika m'manda kachiwiri. Khofi wawo akungosintha wophika ndi womwa naye.

Chenjezo langa ndi ili: mukabwereranso pa okala paja mobisa, nyerere mwina mudzazipusitsa, koma maso anu simungawapusitse. Bambo amene ankayenda mtunda wonse uja kuti mumwe chokoma mukuyang'ana phiri sangakondwe kumva kuti chokoma chake chomwecho ndi chimene chakubisirani phirilo.

Lamulungu likubwerali tulutsani makapu awiri monga mwa nthawi zonse. Koma ketulo musatereke mpaka Elsie atabwerako ku kwaya.

Aphungu