Ulusi wa m'Makolala

9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi ana muli bwino. Ine ndilipo. Kawiri konse mwandifunsa za tsiku lomaliza la alamu anu, ine osayankha. Lero ndikuuzani, chifukwa tsopano ndimatha kulikumbuka ndikumwetulira.

Linali Lachiwiri wamba. Anaweruka ku nyumba yosamalira okalamba kumene ankachapa zovala, atanyamula malaya asanu m'jumbo. Tinakhala pakhonde, iwo akusoka, ine ndikuwalowetsera ulusi m'singano poti maso awo anali atayamba kuvuta. Anandiseka kuti pa zaka makumi atatu za ukwati, ntchito imene ndinaikhoza ndi yokhayo. Ankasoka kachizindikiro m'kolala mwa chovala chilichonse, uku akundisimbira za mwini wake. Ine ndinkangoti eya, eya, mtima uli pa mpira wa pa wailesi. M'mawa mwake anagwa pokwerera basi. Zotsalazo mukuzidziwa.

Ndiulule: ndinakunamizani kuti katundu wawo ndinagawa. Miyezi isanu ndi itatu sutikesi yawo inali pansi pa bedi, ndipo posesa ndinkailambalala.

Mwezi watha a Matironi a kunyumba ija anandipeza, nkhope ili gwa. Anati kunabwera mayi woyendera wochokera ku bungwe limene limapereka chiphaso kwa nyumba zoterezi. Anafika mosadziwitsa. A Matironi anathamangira mafayilo, koma mayiyo anakakhala m'chipinda chodyera pamodzi ndi okalamba. Kumeneko anapeza a Hedi, amene kale anali mphunzitsi wamkulu, atavala buluku lolekeza m'misongolo, ndi a Sajeni, msilikali wopuma, ali m'juzi ya maluwa yachizimayi, mabatani otseka mpaka m'khosi. Atawafunsa, a Sajeni akuti anayankha kuti, "Mayi, msilikali amavala chimene wapatsidwa. Koma maluwawa sindinawapemphe."

Onse anaseka kupatula woyenderayo. Analemba zolakwa zitatu. Chogwirira cha m'bafa ndi loko wa kabati ya mankhwala anazikonza sabata yomweyo. Chachitatu ndicho chinavuta. Mayiyo anati munthu amene wasiya nyumba yake ndi mipando yake watsala ndi malaya okha, ndipo nyumba imene ikulephera kumubwezera malaya akewo siyenera kumusunga. Anawapatsa masiku makumi atatu. Zikapanda kusintha, chiphaso chilandidwa, okalamba makumi awiri ndi awiri amwazidwa m'nyumba zina.

Wochapa watsopano ankayesa kuti timaulusi ta m'makolala tinali tongosokerera pong'ambika. Eni zovala ena anaiwala zawo, ena ankalimbirana. A Matironi anabwera kudzafunsa ngati alamu anu anasiya buku lofotokoza zizindikirozo.

Buku kunalibe. Ndinapita mawa lake kukangowauza zimenezo. Tili m'chipinda chochapira, ndinatola shati imodzi pamulu, ndinapinda kolala, ndinaona kochonga kofiira. Pakamwa panga panayankhula pokha: awa ndi a Hedi, poti moyo wawo wonse anali kuchonga makope. Mizere itatu yobiriwira, a Sajeni. Kozungulira kwakuda ngati tayala, a Dalaivala. Mfundo ziwiri zoyera, yaikulu ndi yaing'ono, mayi ndi mwana, amenewo ndi Azamba. Achemwali, kani makutu anga ankagwira ntchito mwini wake ali ku mpira.

Tinasankhula masiku atatu. Juzi ya maluwa ija inali ya Azamba. Anailandira, anaiyeza m'mapewa m'mene inatanukira, kenako anatembenukira kwa a Sajeni: "Mwavala juzi yanga miyezi yonseyi, nanga ankhoswe anu abwera liti?" A Sajeni anapempha kapu ya madzi.

Zizindikiro ziwiri zinandikanika. Tinayala zovalazo patebulo kuti eni ake azikhudze. Chimodzi mwini wake anachizindikira msanga. Kuli mayi wina amene sayankhula, ndipo ana ake omwe sawazindikira. Anayendetsa chala m'kolala mwa diresi yabuluu, anaima, anaikumbatira. Apo ndinatuluka panja pang'ono.

Woyendera uja anabweranso, osadziwitsanso. Anapinda makolala imodziimodzi, akundifunsa ngati mayeso, ndipo sindinaphonye. Kenako anafunsa kumene zonsezi zinalembedwa. Ndinaloza mutu wanga.

"Bambo, mutu sitiyendera," anatero. "Akazi anu anasunganso m'mutu, ndipo mwaona chimene chinachitika."

Zinandiwawa, koma ananena zoona. Tsiku lomwelo tinasoka zizindikiro zonse pansalu yoyera, a Hedi akulemba dzina pambali pa chilichonse ndi kutidzudzula pa mizere yokhota. Nsaluyo ili pakhoma la mochapira. Chiphaso sichinalandidwe. Mayiyo anajambula nsaluyo kuti akaonetse nyumba zina, ndipo potuluka a Sajeni anamuchitira sawasha, ali m'buluku lawolawo.

Loweruka ndinakoka sutikesi ija. Chitini cha ulusi, singano ndi sizasi ndinapereka kochapira. Ndimapitako Lachiwiri ndi Lachisanu kukalowetsa ulusi, wochapa watsopano akusoka. Madiresi ndinagawira amayi a kumeneko, iliyonse ili ndi chizindikiro cha mwini wake watsopano. Mpango wofiirira uja munagulira alamu anu uli ndi Azamba, ndipo ukuwakhala. Musandikwiyire.

Ndikulongedza, china chinandiuza kuti ndipinde kolala ya shati yanga. Zaka zonsezi sindinayang'anemo. Munali kakhutu kakang'ono ka ulusi wachikasu. Ndinatsegula kabati, shati iliyonse ili ndi kakhutu kake. Ndinaseka ndekha m'nyumba mpaka a neba anasuzumira pawindo.

Ndasungako chinthu chimodzi, juzi yawo yotuwa imene ankavala pakhonde. Inalibe chizindikiro, poti za iwo eni sankasoka. Woyendera uja anati chovala chopanda chizindikiro chilibe mwini, ndiye ndasokamo kakhutu kanga. Ndi kokhota, a Hedi sangakachonge, koma sikachoka.

Mundiperekere moni kwa ana. Mukabwera mudzabwere ndi zovala zanu zonse, singano ndalowetsa kale ulusi.

Ndine mlongo wanu,
amene wayamba kumva tsopano.