Mbozi za Mwendo wa Bambo a Miracle

Lolemba, 12 Marichi 2007
Mwendo wa bambo a Miracle wayamba kununkha. Lata linawacheka akufolera nyumba ku Chinsapo, sabata zitatu zapitazo. Anayamba ndi makapisozi a pamsika wa Kawale, kumatsegula n'kuwaza ufawo pachilonda, ine mkazi wawo wogwira ntchito mu labu ndili phee. Tsopano ali m'chipatala, jakisoni tsiku lachinayi, thupi likadali moto. Ndikuopa.

Lachiwiri, 13 Marichi
Ndachita choletsedwa. Ndapukuta mafinya awo ndi kathonje n'kupita nako kuntchito. Ku labu kwathu timabaya mabakiteriya osamva mankhwala mu mbozi zoyera za m'ming'oma ya njuchi, kuti tione ukali wake. Mbozi ikada bii, yafa. Koma sampulo iliyonse imayenera kudutsa kwa bwana wathu, Mayi Pauline. Chaka chatha mnzathu Peterson anachotsedwa ntchito pa zomwezi. Pambale yomeretsera mabakiteriya ndangolemba "B".

Lachinayi, 15 Marichi
Mabakiteriya amera pambale paja. Ndawabaya mu mbozi makumi awiri. Khumi ndazipatsa mankhwala amene bambo akulandira, khumi zinazo mankhwala ena a m'firiji amene timayesera.

Lachisanu, 16 Marichi
Khumi zoyambazo zonse bii. Tsiku limodzi lokha! Chiyambireni ntchito sindinaonepo zotere. Mwa zinazo, zisanu ndi zitatu zikuyenda.

Masana kuchipatala ndamva dokotala akuuza nesi pakhonde: "Bedi 9 ija, mwendo ukapanda kusintha pofika Lolemba, tidula." Bedi 9 ndi ya bambo, koma iwo sakudziwa. Akuti, "Mayi a Miracle, nkhope imeneyo mwabwera kudzazonda kapena kudzalira?" Ndaseka, kenako ndakasanza kubafa.

Loweruka, 17 Marichi
Ndikamuuza chiyani dokotala, kuti mbozi zanga zanena? Angamvere Mayi Pauline okha. Ndiye ndikaulule. Ntchito ikatha tidya chiyani, bambo ali gone?

Lamulungu, 18 Marichi
Nditatuluka m'tchalitchi ndakwera minibasi ya ku Area 25. Mayi Pauline ndawapeza akuyanika zovala. Ndanena zonse nditaimirira, mpando ndakana.

"Zisanu ndi zitatu, watsimikiza?"

"Eee, Mayi."

"Elube, za ntchito yako tikambirana mawa, ndipo sizikhala zokoma."

Analowa m'nyumba. Ndimati basi, andithamangitsa. Anatuluka ndi makiyi a galimoto, zovala zonyowa zikadali m'beseni.

"Ali wodi iti?"