Jasi la Abambo Likukwera ku Chambe

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Nanunso kukuzizira ngati kuno?

Ndine Feliya, chitsiriza wanu. Musaseke zilembozi. Mukudziwa nokha pamene ndinalekezera sukulu, ndiye lero zala zachita kuuma, pensulo ikungondipulumuka. Ndakhala m'khitchini pafupi ndi moto, utsi uli m'maso, koma ndati ndilembe masana omwe ano poti nkhani yandidzadza pakhosi.

Amayi, Esime wachira! Esime yemwe uja, mwana wa malemu achemwali anga, amene munamusiya akulira atapita padera kawiri. Watipatsa mwana wamkazi. Ine amene Mulungu sanandipatse wangawanga, lero ndine agogo. Ndinaimba nthungululu mpaka mawu anasasa, ndinavina tchopa ndekha pabwalo popanda ng'oma, nkhuku zonse kubalalika. Anthu opita ku Chinakanaka ankaima pamsewu kufunsa ngati ndalawa kachasu m'mawamawa. Ndinawauza kuti pitani, mukauze msika wonse kuti mbumba ya amayi anga a Rozina sinathe.

Kungoti anafulumira, mwezi wake unali usanakwane. Kamutu kake ngati peyala losakhwima, timiyendo ngati zala zangazi. Koma mphuno ndi yanu, ndipo akamafuna kulira amayamba wakwinya pachipumi ngati mmene munkachitira ndiwo zikachepa mchere. Kuyamwa akuyamwa. Azamba anatiuza mawu amodzi okha, kuti mwana wotere mdani wake ndi mphepo, akangozizidwa basi tataya.

Ndikuuzeni kaye za pakhomo, mungati ndasiya kusamala. Chaka munapita chija chimanga chinachita bwino, china tinachita kuika padenga. Chaka chino n'chochepa, mvula inadula msanga, koma makaka a chinangwa tayanika ambiri, njala sitigona nayo. Kalongonda wanu wa kuseri kwa khola sindinasiye kubzala ngakhale amanditha nkhuni pophika. Mpeyala munabzala uja wayamba kubereka. Mbuzi yanu yamakani ija ikadalipo, ndipo inandidyera chitenje cha chipani chili pachingwe. Mwayi inangodya m'mphepete, sinafike pankhope ya a Pulezidenti. Ndinapinda n'kusoka msangamsanga, palibe anaona. Izi ndanong'ona, Amayi, musauze munthu ngakhale kumeneko.

Chimene chasokonekera ndi nyengo. Inu chiperoni munkachitcha mphepo yakwathu, poti chimachokera ku Mozambiki kumene kunachokera makolo anu. Munkati ndi abale akutipatsa moni. Tikangokolola tinkadziwa kuti chifika, chikhala pang'ono, nandolo amwa mawawa ake, dzuwa libwerera, kenako chibweranso. Chaka chino ayi. Meyi yense kunatentha, Juni nayenso kutentha ngati Okutobala. Mango anachita maluwa nthawi isanakwane. Nandolo anayamba kufota. Ku esiteti tiyi anauma nsonga, othyola ambiri anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Anthu anachapa mabulangete n'kupinda, achinyamata n'kumati chisanu chinapita ndi makolo. Ine ndinakumbuka mawu anu aja, oti kukatentha mu Juni, utsi wa m'khitchini n'kumakwawa pansi m'malo mokwera, tolani nkhuni zambiri muike m'nyumba. Nkhuni ndinatola, anthu akundiseka. Wailesi nayo inanenapo za mwera, koma imanena zomwezo tsiku ndi tsiku, ndani amamvera.

Tsopano ndifike pa Lusiyano, mwamuna wa Esime. Mukumukumbuka mkamwini wamtali wosalankhulalankhula uja, amene anakufolererani denga. Akadali pantchito yake yonyamula matabwa a mkungudza kuchokera ku Chambe. Thabwa lalitali pankhata, mapazi opanda nsapato poti nsapato imaterera pathanthwe, kutsika phiri lonse lija n'kukweranso. Inu mutapita ndinamupatsa jasi la abambo la ku Joni, lakuda lolemera lija munkafunda pamaliro, poti kumwamba kuja amati madzi amauma m'chitini, udzu n'kudzuka woyera ngati authira ufa.

Mwana atabadwa, ine ndinachita monga munatiphunzitsira. Esime analowa m'chikuta, ndipo mwamuna salowa mpaka mchombo utagwa. Amayi, mukanamuona munthu wamkulu akuzungulira nyumba ngati mbuzi yapachingwe. Ankaima pachitseko cha bango chija n'kumafunsa kuti wafanana ndi ndani. Ndinamuyankha kuti wafanana ndi ine, inu mulibe chanu pano, pitani mukadule nkhuni. Anaseka mpaka kukhala pansi. Anapempha kuti angosuzumira ndi diso limodzi, ine ndinati diso limodzi ndi diso ndithu. Ndiye anati m'malo momangozungulira, bola akwere akagwireko ntchito, pomatsika mchombo udzakhala utagwa. Anatinso ocheka anamulonjeza zidutswa za matabwa zotsala, adzabwera nazo akhome chitseko chenicheni, poti cha bangochi mphepo imangodutsa ngati palibe kanthu.

M'mawa umene ananyamuka kunatentha kuposa masiku onse. Ndinamuonetsa utsi ukukwawa pabwalo. Anati amayi aang'ono, inu mumaopa ndi mthunzi wanu womwe. Kenako anamasula jasi pakatundu wake, n'kulipereka pamwamba pa chitseko nkhope atayang'ana kumbali.

"Mufunditse mwanayo," anatero. "Ine thabwa limanditenthetsa lokha."

Anapita ndi malaya amodzi ndi chiguduli cha saka paphewa.

Sipanapite masiku ambiri, chiperoni chinafika. Anali masana, ndikusenda chinangwa pakhonde. Masamba a nthochi anangotembenuka onse pamodzi kuonetsa kumimba koyera. Nditakweza maso, phiri kunalibe, ngati wina walinyamula. Kuyambira pamenepo dzuwa sitinalionenso. Mawawa akungogwa osakula osaleka. Matewera sakuuma, tikuchita kuyanika pamoto mpaka anunkha utsi. Mchere wasungunuka m'chitini, machesi akukana kuyaka. Anapiye afera pansi pa make. Dzulo ndinatola timba awiri pansi pa mango, ouma gwa, opanda bala. Maluwa a mango onse ali pansi. Si chiperoni chija tinazolowera, Amayi. Ichi chikulowa m'mano. Ngati ndi abale akupereka moni, ndiye abwera atakwiya.

Chimene chamusunga mwana ndi jasi. Timamukulunga m'kati mwake, amangomira, ukhoza kumuika m'thumba n'kutsala malo. Likununkha fodya wa abambo mpaka lero, kuphatikiza mkungudza wa Lusiyano. Ukapisa dzanja umapeza kathupi kali fundefunde. Dzulo mchombo unagwa bwinobwino, ndinavinanso, koma m'nyumba. Lero linali tsiku lomutulutsa, kumumeta, kumupatsa dzina, bambo wake n'kumunyamula koyamba.

M'malo mwake m'mawa uno kwabwera a Makwinja, mkulu wa ocheka uja wa mutu wa imvi. Sanafike pakhomo. Anaima kuseri kwa nkhokwe n'kundikodola. Mawondo onse ali magazi, milomo yachita kuda, kulankhula mano akugundana. Akuti chifunga chitapepuka pang'ono dzana, onse anagwirizana zotsika poti ufa unatha ndipo nkhuni zinanyowa. Lusiyano anati tsogolani, ndikatenge zidutswa zanga kudzenje lochekera, ndikupezani pamtsinje. Sipatali, akuti munthu ukhoza kumva chifuwa cha mnzako. Koma asanabwerere chifunga chinatsekanso, munthu osaona phazi lake lomwe.

Ndinawafunsa ngati anamuitana. Anandiyang'ana ngati ndine mwana. Inu mukudziwa, kuphiri kukachita chifunga saitana munthu ndi dzina, akuti eni phiri amamva, n'kuyamba kumuitana iwonso ndi mawu a mnzake mpaka kuphompho. Ndiye ankamenya sowo ndi tupa, ngwee ngwee, n'kumvetsera. Anamenya mpaka manja anakanika kugwira. Palibe anayankha. Anagona kuphanga, dzulo n'kutsika chokwawa. Akuti mwina Lusiyano anatulukira kukanyumba kofikira alendo okwera phiri, kumene kumakhala mlonda ndi moto. Mawu oti mwina anawabwereza kambirimbiri, maso ali pansi. Atatero anandipatsira kampoto kophikira ka Lusiyano.

Amuna a m'mudzi akwera mawa kukangoyera, chifunga chipepuke chisapepuke. Poyamba atcheyamani a chipani anakana, ati amuna onse akufunika kukalambula msewu chifukwa cha chikondwerero cha mu Julaye, ndipo anthu sangamangosonkhana n'kukwera phiri nkhondo ya ku Mozambiki ili kuseri kwake. Ndinapita ndekha kukagwada m'matope. Amene anandithandiza ndi akazi awo, anawafunsa kuti mwana wathu atadwala, anam'bereka kumsana mpaka kuchipatala cha ku Chonde ndani, si Lusiyano yemweyo? Ndiye alola ena apite.

Esime ndinati ndisamuuze, mkaka ungaume. Ndinabisa kampoto m'chitenje, ndinatenga phala, ndinalowa ndikuimba, kumuseka mwana kuti iwe nkhalamba, wabwera wopanda mano ngati agogo ako. Esime sanaseke. Anangokweza mphuno. Ndinaiwala kuti chilichonse chotsika ku Chambe chimanunkha mkungudza ndi utsi wake, ndipo iye fungo limenelo amalidziwa kuposa ine. Anandifunsa kuti atsika? Ndinati ena. Anayang'ana kuchitseko nthawi yaitali, kumene munthu uja ankaima. Sanalire, Amayi, bola akanalira. Anangoyamba kumasula mabatani a jasi limodzilimodzi.

Ndinamugwira dzanja. Ndinamukumbutsa mawu a azamba. Ndinati bulangete lathu ndi lopyapyala ngati sefa, ndipo lachita chinyontho, ukufuna titaye onse awiri?

"Mayi, mwanayu ali ndi ine, thupi langa ndi lofunda," anatero. "Uja ali ndi saka. Akakamupeza wamoyo, akamufunditsa chiyani?"

Ndinasiya dzanja lake. Anamuvula mwana n'kumuika pakati pa mabere, khungu ndi khungu, ine n'kuwamanga pamodzi ndi zitenje zonse za m'nyumba, ndi cha chipani chomwe. Mwana analira pang'ono, timilomo tinachita ngati tikuda. Kenako anapeza bere. Chitseko ndachitchinga ndi mphasa ziwiri ndi mtondo. Nkhuni zija anthu ankandiseka nazo ndi zimene zikuyaka pano, ndipo moto suzima mpaka dzuwa libwere. Ndikamaliza kulemba ndikukagona kumsana kwa Esime kuti mphepo iyambe yapeza ine.

Sindikudziwa ngati tachita bwino. Ndikapisa dzanja ndimapeza akadali wofunda, koma osati ngati mmene ankakhalira m'jasi. Ndikayang'ana kumene kunali phiri ndimangoona kuyera. Mphepo yayambanso kukoka udzu wa padenga. Chimwemwe sichinandichoke, Amayi, ndikamuona mwanayo akuyasamula ndimafuna kuseka mokweza, koma chikumakhala ngati ndanyamula madzi odzadza pamutu ndikuyenda pathanthwe lonyowa.

Jasi ndalipinda, lili pambali panga, a Makwinja alitenga mawa. Kalatayi ndiika m'thumba lake lam'kati, lija abambo ankasungamo fodya. Ansembe amatiuza kuti akufa ali kumwamba. Inu munkati ali kuphiri. Ine sindinaphunzire zoti n'kutsutsana ndi aliyense, ndimangoona kuti konseko n'kokwera, ndiye kalata yopita kwa inu ipite ndi okwera.

Mukaiwerenga, Amayi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Amunawo saloledwa kuitana dzina. Inu mukhoza. Mawu anu amawadziwa, munkamukalipira za denga lodontha mpaka anazolowera. Dzina lake ndi Lusiyano, mungaiwale poti munkangomuti mkamwini. Mukamupeza pansi pa mwala, musamusiye agone. Mumuuze kuti mchombo wagwa, chitseko chatseguka, akhoza kulowa n'kuyang'ana ndi maso onse awiri. Matabwa awasiye komweko, cha bangochi tizolowera. Ndipo musamukonde kwambiri mpaka kumusunga kumeneko. Muli nawo kale abambo ndi achemwali, akukwanirani.

Dzina la mwana ndi lanu, Rozina. Palibe amene walimva, ndangolilemba pano. Ndikulonjeza kuti sindilitchula pabwalo mpaka bambo wake atakhala pamphasa n'kulimva ndi makutu ake. Likadzatuluka dzuwa ndidzabwera kudzasesa pamanda panu, ndidzakuuzani ngati tili atatu kapena anayi.

Mupereke moni kwa abambo, muwauze kuti jasi lawo likugwirabe ntchito.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka lero,
Feliya